Musathamangire kufomata: kompyuta ikagwa imasiya umboni

Lachisanu m'mawa, pa 19 Julayi 2024, ndege zinaleka kunyamuka pabwalo la Berlin Brandenburg ku Germany. Ku India, ogwira ntchito m'mabwalo a ndege anasiya makompyuta, natola zolembera n'kumalembera apaulendo ziphaso zokwerera ndege pamanja. Ku Britain, kanema ya Sky News inaduka kwa kanthawi, ndipo madokotala ambiri m'zipatala zing'onozing'ono analephera kutsegula mafayilo a odwala awo. Ku South Africa, makasitomala a banki ya Capitec anakhala kakasi. Konseko chooneka chinali chimodzi: sikirini yabuluu, kankhope kachisoni cha kumtunda, ndi timizere ta zilembo zoyera.

Pansi penipeni pa sikiriniyo, pa makompyuta ambiri, panali mawu amene anthu ochepa okha ndiwo anawasamala. Panalembedwa kuti PAGE_FAULT_IN_NONPAGED_AREA, kenako dzina la fayilo: csagent.sys.

Dzina la chimene chinagwetsa makompyutawo linali pomwepo, poyera.

Fayiloyo inali ya CrowdStrike, kampani ya ku Texas ku America imene imapanga Falcon, pulogalamu yoteteza makompyuta a mabanki, zipatala ndi makampani akuluakulu kwa akuba a pa intaneti. Nthawi itangopitirira pang'ono 6 koloko m'mawa kuno kwathu, kampaniyo inatumiza kafayilo katsopano kotchedwa Channel File 291. Patatha mphindi 78 inakachotsa, koma madzi anali atafika kale m'khosi. Microsoft inawerengera kuti makompyuta 8.5 miliyoni anagwa. Kampani ya ndege ya Delta yokha inalephereketsa maulendo pafupifupi 7,000 m'masiku asanu. Pofufuza anapeza kuti cholakwikacho chinali chaching'ono zedi: pulogalamuyo inkafuna kuwerenga zinthu 21 pamene zimene inapatsidwa zinali 20. Pofunafuna cha 21, inakawerenga pamalo a memory amene sinayenera kufikapo, ndipo Windows inangoima pomwepo. Kukonza kwake kunali kuyatsa kompyuta mu Safe Mode n'kufufuta kafayilo kamodzi. Sipanafunike kugula chitsulo chilichonse, komanso panalibe chifukwa chofufutira zonse za m'kompyuta.

Apa ndi pamene nkhaniyi ikutikhudza. M'mashopu ambiri okonza makompyuta, kaya ku Limbe, ku Lilongwe kapena ku Mzuzu, laputopu imene ikumangozima yokha kapena kuonetsa sikirini yabuluu imalandira mankhwala amodzi: kufomata n'kuikamo Windows ina. Chizolowezi chimenechi ndimachiona kuti n'choipa, ndipo chikuwonongetsa anthu ndalama ndi mafayilo awo. Kompyuta ikamagwa imasiya umboni wa chimene chaigwetsa. Kufomata kumafufuta umboniwo munthu asanauwerenge, ndipo ngati vuto lili m'zitsulo, kompyutayo idzagwanso sabata yamawa, mwiniwake ataluza kale ndalama yolipira mmisiri.

Kuti izi zimveke, tidziwe kaye chimene chimagwa. Windows, Linux ngakhale macOS zili ndi phata lake lotchedwa kernel. Kernel ndiyo imagawira mapulogalamu memory, imasankha pulogalamu yoti purosesa iigwirire ntchito pa nthawiyo, ndipo ndiyo imalankhula ndi disiki, kiyibodi, sikirini ndi netiweki. Mapulogalamu wamba monga Word kapena Chrome amagwira ntchito m'malire amene kernel yawaikira. Imodzi ikalakwitsa, kernel imaitseka, zina zonse n'kumapitirira. Koma kernel yokhayo ilibe wina woiyang'anira. Ndiponso siikhala yokha: imakhala limodzi ndi timapulogalamu totchedwa ma driver, timene makampani opanga zipangizo amalemba kuti pulinta, kamera kapena khadi la Wi-Fi zizimvana ndi kompyuta. Mapulogalamu oteteza ku mavairasi nawonso amalowa momwemo, ndipo csagent.sys inali driver wa mtundu umenewu. Driver mmodzi akapondera pamalo olakwika, kernel singadziwenso kuti zomwe zili mu memory n'zodalirika kapena ayi. Ikapitiriza, ikhoza kulemba zinyalala pamwamba pa mafayilo anu, kapena pamwamba pa mabuku a ndalama a kampani. Ndiye imasankha kuima dala. Pa Windows izi zimaoneka ngati sikirini yabuluu ija, imene mu 2025 Microsoft inayamba kuisintha kukhala yakuda pa Windows 11. Pa Linux ndi pa Mac amati kernel panic.

Isanazime, kernel imayesetsa kulemba zimene inaona.

Pa Windows imasiya timafayilo ting'onoting'ono mu foda ya Minidump, m'kati mwa foda ya Windows, ndipo pulogalamu yaulere ya WinDbg imatha kutiwerenga n'kunena driver amene ankagwira ntchito pa nthawi ya ngoziyo. Event Viewer imasunga tsiku ndi nthawi ya kugwa kulikonse. Pa Linux, lamulo la journalctl limaonetsa zimene kernel inalankhula kompyuta isanazime, ndipo uthenga wa panic umatchula malo enieni m'pulogalamu pamene zinthu zinasokonekera, komanso ngati munali driver wochokera kwina amene eni Linux samudziwa. Zambiri mwa izi zimakhala pa disiki yomwe ija imene mmisiri wothamanga amaifufuta m'mphindi zochepa.

Wina akhoza kunena kuti kufomata kumagwira ntchito nthawi zambiri, ndipo sakunama. Microsoft yokha, m'malangizo ake kwa amisiri, imanena kuti mwa masikirini abuluu 100 alionse, pafupifupi 70 amabwera chifukwa cha ma driver a makampani ena, 10 chifukwa cha zitsulo, 5 chifukwa cha zolemba za Microsoft yeniyeni, ndipo 15 sadziwika chifukwa memory imakhala itawonongeka kwambiri moti sangawerengemo kanthu. Poti Windows yatsopano imachotsa ma driver onse akale, n'zoona kuti kufomata kumachiza makompyuta ambiri. Koma kumachiza mwangozi, mmisiri osadziwa chimene wachiza. Mwini kompyuta akafika kunyumba n'kuikanso driver yemwe uja wa modemu kapena pulinta yakale, kapena antivayirasi yobera imene anaipeza kwa mnzake, vuto limabwerera, ndipo palibe amene angamuchenjeze chifukwa palibe anawerenga dzina la wolakwayo. Zili ngati kumwa LA nthawi iliyonse thupi likatentha, osayezetsa magazi. Masiku ena mudzachira chifukwa analidi malungo, koma tsiku limene ndi chibayo mudzakhala mutataya masiku atatu. M'zipatala zathu, lamulo ndi lakuti ayeze kaye asanapereke mankhwala a malungo. Mashopu a makompyuta sanafikepo pamenepo.

Komanso chiwerengero cha 10 pa 100 chija sitingachitenge monga chilili. Makompyuta ambiri amene ali m'maofesi ang'onoang'ono, m'masukulu ndi m'manja mwa ophunzira kuno ndi akaunjika, amene anagwira kale ntchito zaka zingapo kunja asanafike. Amakumana ndi fumbi la m'chilimwe, kutentha kwa mu Okutobala, magetsi othimathima amene amabwera ndi mphamvu yosakhazikika, ndi machaja a pamsika osagwirizana ndi makinawo. M'malo otere n'zanzeru kuyamba kukayikira zitsulo msanga kusiyana ndi mmene mmisiri wa ku America angachitire.

Nanga munthu angasiyanitse bwanji vuto la pulogalamu ndi la chitsulo? Chizindikiro chachikulu ndi kachitidwe ka kugwako. Pulogalamu yolakwika imalakwitsa chimodzimodzi nthawi zonse. Mukalumikiza pulinta, yagwa. Mukaidzutsa itagona, yagwa. Uthenga wake ndi womwewo, dzina la fayilo ndi lomwelo, ndipo mukaiyatsa mu Safe Mode, mmene Windows imayenda ndi ma driver ochepa chabe, vuto limasowa. Makompyuta 8.5 miliyoni aja anagwa ndi dzina limodzi m'maola omwewo, ndipo n'chifukwa chake akatswiri sanachedwe kudziwa kuti si zitsulo. Chitsulo chodwala chimachita zosiyana. Lero uthenga ndi MEMORY_MANAGEMENT, mawa IRQL_NOT_LESS_OR_EQUAL, mkuja dzina lina, ndipo tsiku lililonse wolozedwa chala ndi driver wina. Chrome ikungotsekeka yokha, fayilo imene mwakopera ikukana kutseguka, ngakhale kuika Windows yatsopano kukulephereka pakati. Mapulogalamu khumi sangalakwe onse sabata imodzi popanda chifukwa. Pamakhala chinthu chimodzi pansi pawo chimene chikuwanamiza onse, ndipo kawirikawiri chimakhala RAM (tindodo ta memory), kutentha kapena magetsi.

Ngakhale akatswiri amayamba aganiza molakwika pa nkhani imeneyi. Mu Okutobala 2022, Linus Torvalds, amene anayambitsa Linux mu 1991, ankalandira zosintha za Linux 6.1 pamene kompyuta yake inayamba kulephera ntchito mosadziwika bwino. Iye analemba yekha kuti poyamba anaganiza kuti ndi cholakwika chatsopano mu kernel, monga zimakhalira nthawi yolandira zosintha. Zimene anachita pambuyo pake ndizo zoyenera kutengera. Anayatsa kompyutayo ndi kernel yakale imene ankadziwa kuti ili bwino, ndipo vuto silinathe. Kenako anasiya pulogalamu ya Memtest86+ ikuyeza RAM usiku wonse. Inapeza kuti kandodo kamodzi ka RAM, kamene kanagwira bwino ntchito zaka ziwiri ndi theka, kanali katawonongeka. Anasintha chinthu chimodzi, n'kuona zotsatira, kenako n'kuyeza china. Memtest86+ ndi yaulere, imakwana pa fulashi yaing'ono, ndipo mmisiri aliyense akhoza kukhala nayo m'thumba.

Vuto la RAM si lachilendo ngati mmene ambiri amaganizira. Mu 2009, Bianca Schroeder wa ku yunivesite ya Toronto, pamodzi ndi akatswiri awiri a Google, anatulutsa zimene anapeza atatsatira makompyuta a Google kwa zaka ziwiri ndi theka. Tindodo ta RAM toposa 8 pa 100 tinkalakwitsa kamodzi kapena kuposerapo pa chaka, ndipo pafupifupi kompyuta imodzi mwa zitatu zilizonse inkakumana ndi cholakwika chotere. Anapezanso kuti zolakwika zambiri zinkachokera ku kuwonongeka kwenikweni kwa chitsulocho, kutanthauza kuti kandodo kakalakwitsa kamodzi, kawirikawiri kamalakwitsanso. Makompyuta a Google ali ndi RAM ya mtundu wa ECC, imene imazindikira cholakwika chaching'ono n'kuchikonza yokha. Malaputopu athu ambiri alibe ECC. Cholakwika chikachitika, palibe amene amadziwa mpaka kernel itagwa kapena fayilo itawonongeka. Kafukufuku wina wa Microsoft wa mu 2011, amene anaona makompyuta wamba miliyoni imodzi, anapeza zofanana: kompyuta imene yagwapo kamodzi chifukwa cha chitsulo imakhala pangozi yaikulu kwambiri yogwanso kuposa inzake imene sinagwepo. Kompyuta yotere mukhoza kuifomata kakhumi, siichira.

Pali kutsutsa kwina kwamphamvu kuposa koyamba kuja. Amisiri odziwa ntchito amanena kuti uthenga wa pa sikirini umanama, ndiye kuuwerenga n'kutaya nthawi. Chitsanzo chake chilipo, ndipo n'chaposachedwa. Mu 2023 ndi 2024, anthu ambiri amene anagula mapurosesa amphamvu a Intel Core a m'badwo wa 13 ndi 14 ankadandaula kuti masewero a pa kompyuta akumagwa, ena ndi uthenga wonena kuti memory ya khadi la zithunzi yatha. Ambiri analoza chala khadilo ndi ma driver ake. Mu Epulo 2024, kampani ya Nvidia inauza anthu otere kuti akafunse kwa Intel, ndipo mu Julayi Intel inavomera kuti mapurosesa ena ankapempha mphamvu ya magetsi yoposa muyezo, zimene zinkawawononga pang'onopang'ono. Inatulutsa zokonza za mu BIOS ndi kuwonjezera zaka ziwiri pa waranti, koma purosesa imene inali itawonongeka kale sikanachira ndi pulogalamu. Apa uthenga unalozadi kolakwika. Komabe, chimene chinaulula zoona sichinali kufomata. Anali opanga masewero ndi akatswiri amene anasonkhanitsa malipoti a kugwa ochuluka n'kuona kuti akuchokera ku mapurosesa a mtundu umodzi. Uthenga umodzi ukhoza kusocheretsa, chifukwa umatchula amene anapunthwa osati amene anaika chopunthwitsacho. Mauthenga asanu ataikidwa pamodzi, limodzi ndi nthawi imene anachitika ndi zimene kompyuta inkachita, sasocheretsa kawirikawiri. Ndipo pali mauthenga ena osafuna kutanthauzira kwambiri. WHEA_UNCORRECTABLE_ERROR pa Windows, kapena Machine Check Exception pa Linux, ndi purosesa yeniyeniyo ikunena kuti yapeza vuto m'zitsulo. Kufomata kompyuta imene yanena zimenezi ndi kukana kumva.

Kutentha ndiye vuto losavuta kuligwira, koma ndi limene limanyalanyazidwa kwambiri.

Tsegulani laputopu imene yakhala zaka zitatu mu ofesi ya m'mbali mwa msewu wafumbi. Pakati pa fani ndi timizere ta chitsulo totulutsira mpweya mudzapeza fumbi litaumbana ngati nsalu yotuwa, lokhuthala moti mungalinyamule ndi zala lonse pamodzi. Fani ikuzungulira ndithu, ikulira kwambiri, koma mpweya sukudutsa. Chotsani chitsulo chozizritsira purosesa, ndipo mudzaona kuti phala lotuwa lija limene amapaka pakati pa ziwirizi linauma n'kung'aluka. Kompyuta yotere imayenda bwino m'mawa, koma masana, kapena munthu akatsegula vidiyo, imazima mwadzidzidzi, nthawi zambiri popanda sikirini yabuluu n'komwe, chifukwa purosesa imadzizimitsa yokha kuti isapse. Kusapezeka kwa fayilo mu Minidump nakonso ndi umboni: kernel sinapeze mpata wolemba kanthu, ndiye kayikirani kutentha, chaja, batire kapena bokosi la magetsi la mu desikitopu. Mankhwala ake ndi burashi, phala latsopano ndi theka la ola.

Kutsutsa kumene kuli ndi mphamvu kwambiri ndi kwa ndalama, ndipo sikoyenera kukupeputsa. Mmisiri wa m'kashopu kakang'ono amadya zimene wagwira tsiku limenelo. Kuyeza RAM mokwanira kumatenga maola, magetsi akhoza kuthima pakati, ndipo kasitomala waima pakhomo akufuna laputopu yake madzulo omwewo chifukwa mawa ali ndi ntchito yoti akapereke ku koleji. Kasitomala yemweyo amalipira mosanyinyirika akaona Windows yatsopano, koma kumuuza kuti alipire chifukwa choyeza, amaona ngati akuberedwa. Izi n'zoona, ndipo mlandu suli pa amisiri okha. Koma tiwerengere bwino nthawiyo. Kujambula sikirini yabuluu ndi foni ndi masekondi. Kutsegula Event Viewer ndi kuona Minidump ndi mphindi khumi. Kuona kutentha kwa purosesa ndi thanzi la disiki ndi mphindi zina zisanu. Memtest86+ imayeza yokha mmisiri akukonza foni ya munthu wina, ndipo RAM yowonongeka kwambiri imaonetsa mizere yofiira m'mphindi zoyambirira. Laputopu ikakhala ndi tindodo tiwiri, kuchotsa kamodzi n'kuyesa kotsalako sikulira ndalama. Pamene kufomata, kuika ma driver, Office ndi zina zonse kumadya maola awiri kapena atatu, ndipo kasitomala akabwerera ndi vuto lomwelo, ntchitoyo imabwerezedwa ulere, mwinanso ndi mkangano. Njira imene ikuoneka yachidule ndiyo yotalika.

Enanso amati mauthengawo ali m'Chingelezi chovuta ndi manambala osamveka. Koma mmisiri safunika kumvetsa liwu lililonse. Akufunika kudziwa ngati uthengawo ukubwerezabwereza kapena ukusintha, ngati pali dzina la fayilo lothera ndi .sys, ndiponso kuti fayiloyo ndi ya chipangizo chiti. Achinyamata amene anaphunzira okha kuchotsa loko pa mafoni ndi kusintha masikirini sangalephere zimenezi. Chimene chikusowa ndi chizolowezi, ndipo masukulu ophunzitsa za makompyuta ayenera kuchiphunzitsa monga amaphunzitsira kuika Windows.

Disiki ndiyo imafuna kusamala kwapadera, chifukwa apa kulakwitsa sikubwezeka. Kompyuta imene ikuchedwa modabwitsa, ikuuma kwa masekondi angapo kenako n'kugwa ndi uthenga monga KERNEL_DATA_INPAGE_ERROR, kawirikawiri ikunena kuti yalephera kuwerenga pa disiki. Hard drive yakale ikhoza kumamvekanso kugogoda pang'onopang'ono mukaika khutu pafupi. Mapulogalamu monga CrystalDiskInfo ndi smartctl amawerenga lipoti la SMART limene disiki imadzisungira yokha, ndipo likanena kuti pali malo owonongeka, likhulupirireni. Likanena kuti zonse zili bwino, musadalire kwambiri: kafukufuku wa Google wa mu 2007 anapeza kuti 36 pa 100 mwa ma hard drive amene anafa sanaonetse chizindikiro chilichonse mu SMART. N'chifukwa chake ntchito yoyamba pa kompyuta iliyonse yogwaigwa, musanayeze kanthu kena, ndi kukopera mafayilo kwina. Disiki imene ikufa ikhoza kukhala ndi maola owerengeka otsala. Kuikamo Windows yatsopano ndi kuilemetsa ndi ntchito yaikulu yolemba pa nthawi imene ikanagwiritsidwa ntchito kupulumutsa zolemba za munthu za zaka zinayi za ku yunivesite kapena mabuku a ngongole a pashopu. Ndiponso ngati disikiyo ili ndi loko wa BitLocker, pezani kaye kiyi yake. Pa ngozi ya CrowdStrike ija, maofesi ambiri anachedwa kudzuka chifukwa kafayilo kofufuta ankakadziwa, koma makiyi otsegulira madisiki sanali pafupi.

Nthawi zina kuyeza kumabweretsa yankho lowawa. Malaputopu ambiri opyapyala a masiku ano ali ndi RAM yowotchereredwa pa bolodi, moti ikawonongeka simungangoizula n'kuika ina. Pamafunika mmisiri wodziwa kuwotcherera tizitsulo ting'onoting'ono, kapena bolodi lina, limene mtengo wake ukhoza kuyandikira wa laputopu ina yakaunjika. Kasitomala ali ndi ufulu womva zimenezi tsiku loyamba, mafayilo ake ali m'manja, kuti asankhe yekha ngati akonzetse kapena asunge ndalamayo agule ina.